Mkazi Mnzanga wa Mabatani

1

Ndivomere poyamba pomwe kuti ine nsanje ndinabadwa nayo. Mayi anga ankati ndili khanda ndinkalira akangonyamula mwana wa eni. Koma kwa zaka zisanu ndi ziwiri za ukwati wathu nsanjeyo inali m'tulo, chifukwa amuna anga sanali munthu wamaso patalipatali. Inadzuka tsiku limene anabwera kunyumba ndi foni ya kuntchito.

Masiku amenewo tonsefe tinali ndi timafoni toimbira ndi kulemberana mauthenga basi. Iyo inali ya mtundu wina. Inali yakuda, yotambalala ngati sopo wochapira, yodzaza timabatani ta zilembo ting'onoting'ono. Pamwamba pake panali kanyali kofiira kamene kankaphethira uthenga ukalowa.

Amuna anga ankatsatsa penti wa nyumba. Kampani inkawatuma pa galimoto m'masitolo akutali, nthawi zina masiku anayi osaoneka pakhomo. Ine ndine telala, ndimasokera pakhonde. Madzulo amenewo anasuntha nsalu zanga n'kuiika foniyo pakati pa tebulo lodulira.

"Mayi, iyi si foni, ndi ofesi yathunthu," anatero. "Makalata a pa kompyuta azindipeza m'thumba. Mitengo ya penti ili momwemu. Batire limatha masiku atatu osatchaja."

"Imajambula?"

"Ayi, si ya masewera."

"Nanga wailesi?"

"Mulibe."

"Ndiye foni yanji yosaimba ngakhale nyimbo imodzi?"

Anaseka n'kundionetsa chimene ankachinyadira kwambiri, kalendala. Anati mlembi akalemba tsiku la msonkhano pa kompyuta ya ku ofesi, nthawi yomweyo limatulukira pa foni, ndipo nthawi ikayandikira foniyo imalira yokha kuwakumbutsa. Kabuku kawo kachikuto chobiriwira, kamene ankalembamo maulendo kwa zaka zambiri, anandiponyera pamiyendo.

"Muzilembamo miyeso ya makasitomala anu. Ine ndapuma kukumbukira."

Mlembi amene ankanenayo anali mng'ono wanga.

2

Kwathu timangomutchula kuti Mzime, poti ndiye womaliza. Mayi atamwalira ndinamulera ndine, kumusambitsa, kumuluka tsitsi, kumusokera yunifolomu. Atamaliza sukulu ya ulembi ndinawagwira mwendo amuna anga kuti amulankhulire kuntchito kwawo. Anamulemba, n'kupeza kachipinda ka lendi pafupi ndi ofesi, ndipo Lamlungu lililonse ankabwera kwathu kudzadya.

Tsono foni ija inayamba kunjenjemera. Pa tiyi, njenjenje. Pa chakudya, njenjenje. Ndikasuzumira, dzina lotuluka pa kagalasi kake linali limodzimodzi, la Mzime. Ndinkadziwa kuti ndi ntchito. Mutu unkadziwa, koma mtima unkawerenga: lero kasanu ndi kawiri, dzulo kakhumi.

"Mkazi mnzanga akukuitanani," ndinkatero moseka kanyali kakaphethira. Pakutha pa mwezi ndinkanenabe mawu omwewo, koma kuseka kunali kutatha.

Nthawi imeneyo ndinali woyembekezera kachitatu. Mimba ziwiri zoyamba ndinapita padera. Kusikelo anandiuza kuti magazi anga akuthamanga, ndisamadandaule chilichonse. Amuna anga anamva mawu amenewo ali pambali panga, n'kuwasunga kuposa mmene ndinawasungira mwiniwakene.

Kenako ndinayamba kuona zizindikiro. Uthenga ukalowa ankanyamuka, kupita pawindo, kundifulatira, n'kuiika foni pafupi ndi mphuno mutu utapendekeka. Munthu wowerenga mitengo ya penti amabisa nkhope chonchija? Tsiku lina ndinawabweretsera tiyi ali chomwecho, ndinawadzera chakumanzere. Anadzidzimuka mpaka kapu inatsala pang'ono kugwa.

"Mwandiopseza, mayi. Mumayenda ngati mphaka."

"Wosalakwa sadzidzimuka m'nyumba mwake," ndinayankha.

Sabata yomweyo anakwecha galimoto pa geti lathu, geti limene analowapo kambirimbiri. Ndinati maganizo ali kwina. Ndipo Lamlungu, ndikuchotsa mbale, ndinawamva awiriwo akunong'onezana panja.

"Alamu, mubisa mpaka liti? Ine zikundilemera."

"Pirira, mlamu. Achemwali ako adzamva zonse zikatha. Ndipo pa nkhani iyi usamandiimbire, makoma ali ndi makutu. Tsiku likapezeka ungolemba mu kalendala."

Ndinaima ndi mbale m'manja. Ndikanatuluka n'kufunsa. Koma nsanje siifuna yankho, imafuna umboni.

3

Umboniwo unabwera Loweruka, dzuwa lisanafike pamutu. Amuna anga ankatsuka galimoto panja, foni ataisiya pa chaja kuchipinda. Ku ofesi ankagwira ntchito mpaka masana tsiku limenelo, ndipo ndinkadziwa kuti Mzime ali komweko, akumalizitsa zinthu chifukwa Lolemba ankayamba maphunziro a sabata yathunthu amene kampani inamutumiza.

Ndikupinda zovala, kanyali kanayamba kuphethira.

Foniyo inali ndi nambala yachinsinsi, lamulo la kampani. Koma timabatani tija tinkawavuta amuna anga, ndipo tsiku lina atalephera katatu anandipatsa ine kuti ndiwadinire. Ankati zala zawo n'zazikulu. Nambalayo inali chaka cha ukwati wathu. Ndinaidina, foni inatseguka, ndipo mu kalendala munali chinthu chatsopano, cholembedwa ndi Mzime mphindi yomweyo.

"Lachitatu, 8 koloko m'mawa, chipinda nambala 6. Musadye kanthu. Ndidzakudikirani pakhomo. Achemwali asadziwe."

Ndinawerenga kanayi. Chipinda. Musadye kanthu, kutanthauza kuti akawaphikira yekha, mwana amene ndinamuphunzitsa ndine kugwira mpeni. Panja amuna anga ankaimba mluzu, madzi akuthovokera pa matayala.

Ndinafufuza mpaka ndinapeza pofufutira. Foni inandifunsa m'Chingerezi ngati ndatsimikiza. Funso linali limodzi lokhalo. Sinandifunse kuti ndine ndani. Ndinadina, ndipo Lachitatu linayera mbee. Ndinaibwezera pa chaja mmene inalili, n'kupitiriza kupinda zovala.

Lolemba m'mawa amuna anga anaima pawindo paja, foni pamphuno.

"Sabata ino ilibe kanthu," anatero. "Ndiye ndipite ku masitolo a kumapiri aja, ndawanyalanyaza nthawi yaitali. Ndibwera Lachisanu. Musadabwe ndikakhala chete, kumeneko netiweki kulibe."

Ndinawasitira malaya asanu, ndikuimba. Sindinawalongedzerepo chikwama mosangalala ngati tsiku limenelo.

Lachitatu, 8 koloko itangopitirira, kafoni kanga kanalira ndili pa makina osokera.

"Achemwali, alamu ali kuti? Foni yawo sikupezeka."

"Ali kumapiri, kuntchito. Iwe si uli ku maphunziro?"

"Ndapempha kutuluka pang'ono. Kumapiri? Anyamuka liti?"

"Lolemba. Ukuwafuna chiyani?"

"Mulibe nambala ina yowapezera? Ya sitolo iliyonse? Achemwali, ndi zofunika kwambiri."

"Ndiuze ine, ndine mkazi wawo."

Ndinkamva phokoso la anthu kumbuyo kwake.

"Sindingathe," anatero potsiriza.

"Ndiye zidikira Lachisanu."

Ndinadula foni n'kupalasa makina. Mulungu andikhululukire, tsiku limenelo ndinamaliza madiresi awiri, ndipo mtima unali mbee.

4

Anabwera Lachisanu madzulo. Atangofika pamene netiweki imagwira, foni inawakhuthulira mauthenga onse a Mzime nthawi imodzi. Analowa m'nyumba nkhope itagwa, chakudya anangochitola pang'ono. Sindinafunse. Lolemba anabwera kuchokera ku ofesi atapsa mtima mmene sindinawaonerepo.

"Mng'ono wanu ndi wosasamala," anatero akuvula nsapato. "Panali chinthu chachikulu chimene anayenera kundilembera. Akulumbira kuti analemba. Tatsegula kompyuta yake tonse awiri, mulibe kanthu. Pa foni mulibe kanthu. M'malo mopepesa akungolira."

Apa m'pamene ndinadziwira zimene sindinkadziwa. Foni ija ndi kompyuta ya ku ofesi zinkatsanzirana. Chimene wafufuta kuno, ukonso chimafufutika. Ine ndinkangofuna kuti asakumane Lachitatu, koma makinawo anandithandiza mopitirira, anamusandutsa Mzime wabodza. Ndinachita mantha pang'ono. Kenako mantha aja anasanduka kukoma.

"Chinali chinthu chanji?" ndinafunsa ngati wosadziwa.

"Za kuntchito."

"Basitu, makina sanama," ndinatero, n'kuwathirira madzi osamba m'manja.

Lamlungu Mzime anabwera, maso atatupa. Amuna anga anali atapita kokameta. Ndinamulandirira pakhonde, osamupatsa mpando.

"Achemwali, ndimati mundithandize kulankhula ndi alamu. Ine ndinalemba, ndikulumbira pa manda a mayi."

"Mayi uwasiye agone. Unalemba chiyani?"

Anayang'ana pansi.

"Waona? Chinthu choti sungamuuze mkulu wako. Tamvera, Mzime, ine ndinakulera, koma sindinakulerere kuti udzandilowere m'nyumba. Zimene ukuchita ndi amuna anga ndikuziona, sindine wakhungu. Pakhomo pano usapondenso."

Anadzutsa mutu n'kundiyang'ana nthawi yaitali, ngati akuona munthu wachilendo. Pakamwa pake panatseguka, kenako maso ake anatsikira pa mimba yanga, n'kutseka pakamwa paja. Anatembenuka n'kumapita, geti analitseka bwinobwino.

Mwezi usanathe anasiya ntchito n'kusamukira ku tauni ina. Ku ofesi analemba mlembi wina, mayi wachikulire wa zidzukulu. Foni inkanjenjemerabe, koma ine ndinkagona tulo tabwino. Amuna anga anakhala ofatsa kwambiri, olankhula pang'ono, koma ankandiperekeza kusikelo osaphonya. Ndinati ndi manyazi a munthu wogwidwa. Ndinadziona wochenjera, mkazi amene wapulumutsa banja lake popanda kuswa mbale.

5

Mwana anabadwa bwinobwino, wamkazi, wolira mokweza ngati mayi ake. M'mawa mwake amuna anga analowa mu wodi atanyamula fulasiki, n'kukhala pampando pafupi ndi bedi. Namwino anawafunsa kanthu kena, iwo n'kutembenukira kwa iye. Ine ndinali kumanzere kwawo. Ndinanyamula mwana n'kuwatambasulira.

"Bambo, landirani mwana wanu."

"Ali kuti?" anafunsa, akutembenuza mutu wonse kuti atipeze.

Mwanayo anali pafupi ndi phewa lawo, moti kansalu kake kankawakhudza. Namwino atatuluka ndinakweza dzanja langa n'kuligwedeza pafupi ndi tsaya lawo lamanzere. Sanaphethire.

"Bambo, diso ili latani?"

Anapumira m'mwamba, n'kumuyang'ana mwana ndi diso linalo.

"Lapita, mayi. Ndimadikira kuti muchire kaye."

Anafotokoza pang'onopang'ono. Linayamba ndi timadontho takuda, kenako ngati katani ikutsika kuchokera pakona. Anazindikira chifukwa cha foni ija, poti tizilembo take tinali tating'ono kwambiri moti ankachita kupita pawindo kuti awerenge ndi diso limodzi. Kuchipatala anawauza kuti kachikopa ka mkati mwa diso kayamba kumatuka, ndipo dokotala wodziwa kukamata ankabwera kamodzi pa miyezi inayi. Anaopa kundiuza chifukwa cha magazi anga aja. Anaopanso kuti kampani ikamva iwalanda galimoto. Anauza Mzime yekha, ndipo ndi Mzime amene ankapita kuchipatala pa nthawi ya nkhomaliro kukawalimbira malo pa mndandanda.

"Malo anapezeka, koma tsikulo linandiphonya ndili kumapiri," anatero. "Dokotalayo wabweranso sabata yathayi. Wandiyeza n'kunena kuti tinachedwa."

Ndinakokera mwana pachifuwa.

"Ankaonera chipinda chanji?" ndinafunsa.

"Nambala 6, mbali ya odwala maso. Opaleshoni yake munthu umapita osadya."

Mwana anayamba kulira. Ndinamuika kubere kuti ndipeze pobisa nkhope.

6

Ndinakhala nacho chinthucho masabata atatu. Ndinkawaona akuthira tiyi pambali pa kapu, akugunda chitseko ndi phewa, akupsompsona mwana mutu utapendekeka. Ine telala, amene ndimalowetsa ulusi pa singano osayang'ana kawiri, ndinakhala ndi munthu m'nyumba akuchita khungu osaona kanthu. Ndinali kalikiliki kuyang'ana foni yawo, nkhope yawo sindinaiyang'ane.

Tsiku lina masana, mwana atagona, ndinagwada patsogolo pawo pabalaza.

"Bambo, Mzime analemba. Ndinafufuta ndine."

Ndinkayembekezera kukalipa, mwinanso kuuzidwa kuti ndilongedze. Iwo anangoika kapu pansi.

"Ndikudziwa."

"Mukudziwa?"

"Patatha masabata awiri chichitikire, munthu wokonza makompyuta kuntchito anandiitana. Mzime anamupempha asanachoke kuti afufuze. Kompyuta yaikulu ya kampani imasunga zonse, ngakhale zofufutidwa. Anandionetsa kuti zinalembedwa Loweruka, mphindi khumi itadutsa 11 koloko, n'kufufutidwa patatha mphindi zinayi, kuchokera pa foni yanga. Nthawi imeneyo manja anga anali m'thovu la sopo. M'nyumba muno munali inu nokha."

Miyezi yonse ija ankadya chakudya changa, kundinyamulira chikwama kusikelo, kundisisita mapazi akatupa, akudziwa.

"Bwanji simunanene?"

"Ndinkafuna kunena tsiku lomwelo. Ndinapita kaye kwa mng'ono wanu kukapepesa, chifukwa ndinamutchula wabodza pamaso pa anzake. Ndiye anandiletsa. Anati, 'Alamu, tataya tsiku la dokotala, tisatayenso mwana. Achemwali akadziwa zimene achita, magazi awapha.' Anandilumbiritsa."

Apa m'pamene ndinalira, kulira kwenikweni kwa mamina. Mwana amene ndinamuthamangitsa pakhonde ngati mbava anali atanyamula mlandu wanga kuti ine ndibereke mwamtendere.

"Ndinakukwiyirani, mayi," amuna anga anapitiriza. "Sindinama, masiku ena ndikagunda chitseko ndimakwiyabe. Koma inenso ndinalakwa. Ndinabisira mkazi wanga n'kukhulupirira makina. Dzukani, mawondo apweteka."

Mwezi wotsatira anakanena okha kuntchito. Anawachotsa pamsewu n'kuwaika mosungira katundu. Galimoto anabweza, foninso anabweza, inapita kwa amene analowa m'malo mwawo. Madzulo ake anandipempha kabuku kobiriwira kaja. Masamba oyamba anali odzaza ziuno ndi mapewa a makasitomala anga, iwo anayambira kumbuyo, ndi zilembo zikuluzikulu.

7

Ndinapita kwa Mzime mwana ali kumbuyo. Anandilandira, anandipatsa mpando umene ine ndinamumana, anafulula tiyi, ananyamula mwana n'kumuseketsa. Nditayamba kupepesa anandimvetsera mpaka kumapeto.

"Za kufufutazo ndinakukhululukirani kalekale, achemwali," anatero. "Munthu woyembekezera amaganiza zambiri. Koma inu munandisambitsa, mumandidziwa kuposa aliyense. Munandiyang'ana n'kuona mkazi wolanda amuna a mkulu wake. Chimenecho ndikusowa pochiika."

Amati chibale ndi fupa, sichiola. N'zoona, koma fupa limathyoka, ndipo likalumikizana limapweteka kukazizira. Mzime amatumiza zovala za mwana chaka chilichonse, amaimba foni, amanditchulabe achemwali. Pakhomo pathu sanapondeponso. Ndinamuuza ndine kuti asaponde, ndipo iye anali mwana womvera kuyambira kale.

Inu amene mukuwerenga, ndikudziwa kuti mafoni anu a lero ndi anzeru kuposa kanthu kaja ka mabatani. Amajambula, amaimba, ena amatseguka ndi nkhope ya mwiniwake. Ija sindiinyoza. Inali yachangu, yosaiwala, uthenga inaufikitsa pa mphindi yake, ndipo ngakhale tchimo langa inalisunga ndi ola lake lomwe. Chofooka chake chinali choti inkamvera chala chilichonse, ndipo inkakuonetsa mawu osakuuza nkhani yake. Nkhaniyo inali ndi anthu awiri amene anali pafupi nane, mmodzi panja pa windo akutsuka galimoto, wina pa foni akundipempha nambala. Safunsa anadya phula, koma phula langa anadya ndi ena.

Ngati pali kanyali kamene kakukuphethirirani m'nyumba mwanu, mtima n'kumakuuzani kuti mwagwira mbava, ikani kaye pansi. Pitani kwa mwiniwake, mumuyang'ane kumaso, mumufunse. Akhoza kukunamizani, inde. Koma mwina mudzaona chimene ine sindinaone.

Mwana wathu tsopano ali kusukulu. Tsiku lina anandifunsa chifukwa chake tikamayenda mumsewu ndimakhala kumanzere kwa bambo ake nthawi zonse, ndikunena kuti apa pali dzenje, apo pakubwera njinga. Ndinamuuza kuti ndi malo anga. Akadzakula ndidzamuuza mmene ndinawapezera.